Musanaode anapiye ena: masamu a zachuma pa geni ya nkhuku

Tsiku logulitsa nkhuku limanamiza. Foni ikungolira ndi mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money, m'chikwama muli makwacha, ana akudziwa kuti lero kuli mpunga. Munthu umagona mtima uli m'malo kuti geni yayenda. Pakapita masabata awiri, ukapita kukaoda anapiye ena ndi matumba a chakudya, umapeza ndalama zija sizikukwana kudzaza khola lomwe lija. Sunabedwe, sunamwere mowa. Kungoti zimene unkaziyesa phindu unali mpamba wako womwe, wabwerera m'manja utaonda.

Zimene amaphunzira ana a zachuma ku Zomba kapena ku Bunda zimaoneka zoopsa chifukwa cha mizere ndi zilembo zimene amajambula pabolodi. Koma mukazisenda, m'kati mwake mumapezeka funso limodzi limene mayi woweta mabroila kuseri kwa nyumba ku Ndirande angathe kulifunsa: ndikachita ichi kuyambira lero, ndionjezera zingati, ndiwononga zingati, nanga ndasiya chiyani? Funsoli limayang'ana kutsogolo kokha. Masitepe ali m'munsimu ndi funso lomwelo, lofunsidwa pa nthawi zosiyanasiyana za moyo wa nkhuku 100. Manambala amene ndagwiritsa ntchito ndi oyerekezera, ndawasankha kuti masamu ayende mosavuta. Inu muikemo mitengo imene mwaipeza kushopu sabata ino.

Choyamba: kope, ndipo mulembe chilichonse chotuluka m'thumba

Gulani kope la nkhuku zokha, losasakaniza ndi ndalama za ndiwo kapena za fizi. Tiyerekeze kuti anapiye 100 mwagula pa K2,000 mmodzi, ndiye K200,000. Nkhuku imodzi imadya makilogalamu anayi kapena kuposerapo pang'ono m'masabata 6, kuyambira starter, grower mpaka finisher (mitundu ya chakudya imene imasinthidwa nkhuku zikamakula), choncho muwerengere matumba 9 a makilogalamu 50. Pa K80,000 thumba, ndi K720,000. Katemera wa matenda a chitopa ndi gumboro pamodzi ndi mavitamini, K40,000. Makala otenthetsera anapiye ndi utuchi woyala pansi, K60,000. Kabaza ndi minibasi zonyamulira zonsezi, K30,000. Zonse pamodzi K1,050,000.

Musagawe ndalamazi ndi 100. Anapiye ena amafa ngakhale muwasamale bwanji, ndipo amene afa amasiyira anzawo ngongole yawo. Zikatsala 95, nkhuku iliyonse yakudyerani pafupifupi K11,000. Onaninso pamene pali kulemera: chakudya chokha chatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama zonse. Amene amalimbana ndi wa kabaza pa K500 koma osayang'ana chakudya chimene chikutayikira mu utuchi akutseka zenera chitseko chili pululu.

Chachiwiri: onjezerani zimene sizituluka m'thumba

Apa ndi pamene wazachuma amasiyana ndi wongowerenga ndalama. Mukagulitsa nkhuku 95 pa K14,000, mulandira K1,330,000. Kuchotsa K1,050,000, patsala K280,000, ndipo ambiri amaima pomwepa n'kuyamba kuuza anzawo kuti nkhuku zimalipira. Koma pali zinthu zitatu zimene mwagwiritsa ntchito popanda kupereka lisiti.

Khola ndi chimodzi. Ngati munalimanga ndi K600,000 pamodzi ndi zodyera ndi zomwera, ndipo mukuona kuti lidzafunika kumangidwanso pakatha zaka zitatu, mukuweta maulendo asanu pachaka, ndiye ulendo uliwonse ukudya K40,000 ya kholalo. Simukuiona ikutuluka, koma chiswe ndi dzimbiri zikuilandira.

Chachiwiri ndi inu mwini. Kudzuka usiku kusonkhezera mbaula, kutsuka zomwera, kutunga madzi, kukhala pamsika dzuwa lili pamutu. Dzifunseni kuti mukanalemba munthu ntchito imeneyi mukanamulipira zingati, kapena nthawi imeneyi mukanapeza nayo zingati kosoka, kosalon kapena kumunda wa tomato. Tiike K100,000 pa ulendo umodzi. Anthu amakana apa, amati "ine sindidzilipira, ndi zanga zomwe." Koma nthawi yanu siinagwe kumwamba. Mukaipereka kwa nkhuku mwaimana china.

Chachitatu ndi ndalama zenizenizo. K1,050,000 ija yakhala yomangika pafupifupi miyezi iwiri. Ngati munaikongola ku banki mkhonde imene imatenga 10 peresenti pamwezi, chiwongoladzanja chake ndi K210,000, ndipo chimenecho simungachiiwale chifukwa amayi a gulu adzakukumbutsani. Koma ngakhale ndalamazo zili zanuzanu, zili ndi mtengo, chifukwa mukanatha kuzikongoza, kugula nazo chimanga nthawi yokolola, kapena kubweza nazo ngongole ina imene ikubereka. Lembani chimene mukanapeza pa njira yabwino koposa imene mwaisiya. Azachuma amachitcha opportunity cost, ife tingoti mtengo wa chimene wasiya.

Tsopano werengani: K1,050,000, kuonjeza K40,000, K100,000 ndi K210,000, zikukwana K1,400,000. Munalandira K1,330,000. Geni imene imaoneka kuti yabala K280,000 yakudyani K70,000. Sikuti mwasauka usiku umodzi ayi. Tanthauzo lake n'lakuti nthawi yanu ndi ndalama zanu zikanakubweretserani zambiri kwina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachitatu: pezani nambala ya nkhuku imene geni imayambira kupuma

Gawani zowononga zanu pawiri. Zina zimakula nkhuku zikachuluka: anapiye, chakudya, katemera, chiwongoladzanja cha ndalama zogulira zimenezi. M'chitsanzo chathu zimenezi ndi pafupifupi K13,300 pa nkhuku iliyonse yofika pamsika. Zina sizisuntha kaya muweta 50 kaya 150: khola ndi lomwelo, ndipo kudzuka usiku n'komweko. Zimenezi ndi K140,000 pa ulendo.

Mukagulitsa pa K15,000, nkhuku iliyonse ikusiya K1,700 yoti ikalipire zosasunthazo. Gawani K140,000 ndi K1,700, mupeza kuti nkhuku 83 zoyamba zikungogwirira ntchito khola ndi thukuta lanu, phindu lenileni likuyamba pa nkhuku ya nambala 84. Mtengo ukatsika kufika pa K14,000, iliyonse ikusiya K700 yokha, ndipo mufunika nkhuku 200 kuti mungofika pamene simunapindule komanso simunaluze. Taonani mmene K1,000 imodzi yasunthira chipilala. N'chifukwa chake woweta nkhuku 50 amadandaula kuti geni ndi yabodza pamene mnzake wa 500, wogula chakudya kushopu yomweyo, akumanga nyumba.

Musathamangire kunena kuti basi ndingothira anapiye 300. Khola lili ndi malire ake, pafupifupi nkhuku 10 zazikulu pa sikweya mita imodzi. Mukapanikiza, makamaka mu Okutobala, zimayamba kupuma wefuwefu, kudya pang'ono, kupondana, ndipo zakufa zimachuluka. Nkhuku 50 zoonjezera zoyamba zimabweretsa phindu, 50 zachiwiri zimabweretsa lochepa, zachitatu zimadya la zinzake. Ndi chimodzimodzi feteleza: thumba loyamba pa ekala limasintha munda, lachisanu likhoza kungowotcha chimanga. Ndipo msika wanu nawo uli ndi khola lake. Ngati makasitomala anu amatha nkhuku 100 pa masiku 10, nkhuku 300 zikhala nanu mwezi.

Chachinayi: sabata yachisanu ndi chiwiri

Ngati pali sitepe imene ndingakonde kuti muikumbukire kuposa zonse, ndi iyi, chifukwa apa ndi pamene alimi ambiri a mabroila amathira phindu lawo m'zodyera ndi manja awo.

Nkhuku zakwana masabata 6. Zanenepa, zikuyenda mwaulesi, ndipo inu mwatsimikiza kuti pansi pa K15,000 simugulitsa. Wabwera mnyamata wopikulitsa kumsika, akuti atenga zonse 95 lero pa K13,500 imodzi, ndalama pamanja. Mtima ukuti amenewa ndi mabodza, akufuna kudyera pa thukuta langa. Musanamuthamangitse, tengani kope.

Pa K80,000 thumba, kilogalamu imodzi ya finisher ndi K1,600. Broila ya msinkhu umenewu imadya chakudya choyandikira magalamu 200 patsiku, ndiye tinene K300 patsiku. Nkhuku 95 zikudya K28,500 tsiku lililonse limene zagona kwanu, pafupifupi K200,000 pasabata. Ngati mugulitsa nokha imodziimodzi, 10 patsiku, zitha pa masiku 10. Zina zichoka tsiku loyamba, zina lomaliza, choncho pakatikati nkhuku iliyonse ikhala masiku asanu ikudya. Masiku asanu pa K300 ndi K1,500. Ndiye K15,000 yanu ija, mukachotsa chakudya cha masiku odikira, ndi K13,500, ndendende imene mnyamata uja akupereka lero. Pamwamba pake iye akuchotserani masiku 10 okhala pamsewu, chiopsezo choti ina ifa ndi kutentha, ndi alamu amene adzatenge ziwiri n'kunena kuti "tionana kumapeto kwa mwezi." Akupatsaninso khola lopanda kanthu masiku 10 msanga, loti mulitsuke, lipume, anapiye ena alowe.

Sindikunena kuti wopikula aliyense mumuvomere. Akanati K12,500, masamu omwewo akanakuuzani kuti mukane. Nkhani ndi yoti yankho silichokera ku mkwiyo kapena ku ndalama zimene mwawononga kale, likuchokera pa kuyerekeza zoonjezera ziwiri: tsiku limodzi lodikira likubweretsa zingati, likudya zingati. Azachuma amati ziganizo zabwino zimapangidwa m'mphepete, pa tsiku lotsatira, pa nkhuku yotsatira, osati pa mulu wonse.

Palinso funso la sikelo. Pamsika wathu anthu ambiri amagula ndi maso ndi dzanja, amainyamula n'kuigwedeza, ndipo nkhuku ya makilogalamu awiri ndi ya makilogalamu awiri ndi theka zimapita pa mtengo wofanana kapena wosiyana pang'ono. Pamenepo sabata yoonjezera ndi mphatso imene mukupereka kwa wogula. Koma ngati muli ndi lesitilanti kapena butchala yogula pa kilo, nkhani isintha. Tinene kuti amapereka K6,500 pa kilo, ndipo nkhuku ionjezera theka la kilo m'sabata yachisanu ndi chiwiri. Yabweretsa K3,250, yadya K2,100. Isungeni. Sabata yachisanu ndi chitatu muyesenso, chifukwa broila ikamakula imadya zambiri pa kilo iliyonse imene ikuonjezera, ndipo tsiku limafika pamene chakudya chimaposa nyama. Njira yodziwira tsikulo ndi yotsika mtengo: ikani chizindikiro pa nkhuku zisanu, muziziyeza tsiku lomwelo sabata iliyonse, ndipo muzilemba matumba amene atha.

Chachisanu: yesani makasitomala anu musanasinthe mtengo

Alfred Marshall, mphunzitsi wa zachuma wa ku Cambridge, anayerekezera mtengo ndi sizasi: sungafunse kuti ndi mpeni uti mwa iwiriyo umene wadula pepala. Mpeni wina ndi zimene mwawononga, wina ndi zimene wogula akulolera kupereka. Masitepe atatu oyamba aja anali a mpeni woyamba. Koma wogula alibe nazo ntchito kuti finisher wakwera. Iye akuyerekeza nkhuku yanu ndi usipa, mazira, soya pieces, nyama ya mbuzi, nkhuku ya m'firiji ya kusitolo, ndi nkhuku ya mnzanu wa mseri mwa tchalitchi.

Chimene muyenera kudziwa ndi kuti makasitomala anu amathawa msanga bwanji mtengo ukakwera, ndipo amabwera msanga bwanji ukatsika. Zimenezi sizili m'buku lililonse, muziyesa nokha. Ulendo uno gulitsani masiku atatu pa K15,000, lembani zimene zatuluka. Ulendo wotsatira, masiku ofanana a mwezi, yesani K15,500. Ngati chiwerengero sichinasinthe, ndiye kuti nthawi yonseyi mumasiya K500 pa nkhuku iliyonse patebulo. Kutsitsa nakonso kuyesedwe ndi kope, chifukwa sikulipira nthawi zonse. Mukatsitsa ndi K1,000 nkhuku n'kutha pa masiku asanu m'malo mwa 10, mwapulumutsa chakudya cha pafupifupi K750 pa nkhuku koma mwataya K1,000. Kutsitsako kuyamba kulipira pokhapokha khola litatha m'masiku atatu.

Mukayesa muona kuti ogula anu si mtundu umodzi. Wogulitsa tchipisi ndi nkhuku pamsewu amawerenga zidutswa zimene atulutse, ndipo K200 ikhoza kumusamutsira kwa wina. Mayi amene alendo amutulukira Loweruka madzulo sayenda mtunda chifukwa cha K500. A komiti ya ukwati amafuna kutsimikiza kuti nkhuku 40 zidzapezeka tsiku lake, zosadzula kale, ndipo kutsimikizako amakulipira. Si chinyengo kukhala ndi mitengo itatu: wopikula wambiri, wogula imodzi, ndi wofuna yophedwa n'kukonzedwa. Pa yokonzedwayo musaiwale kuti mitu, zipalapasiro, ziwindi ndi nthutumba zili ndi msika wawo, ndiponso zitosi za m'khola amazifuna a madimba.

Masiku a mwezi nawo ndi mtengo. Nkhuku zokhwima pa 27, anthu atalandira, sizifanana ndi zokhwima pa 12. Werengani masabata 6 chobwerera m'mbuyo kuchokera kumapeto kwa mwezi, ndipo tsiku limenelo ndilo loti anapiye alowe.

Chachisanu ndi chimodzi: ikani mtengo poyang'ana thumba limene mukagule, osati limene munagula

Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inaitsitsanso ndi 44 peresenti, dola imene inali pafupifupi K1,180 n'kufika K1,700. Woweta nkhuku sagwira dola, koma katemera, mavitamini osakaniza m'chakudya ndi mafuta a galimoto zonyamula matumba zimachokera kunja, choncho dola imalowa m'khola ngakhale simunaiitane. Amene anaika anapiye mu Okutobala chaka chimenecho anagula chakudya pa mtengo wina, ndipo pofika nthawi yogulitsa anapeza mashopu alemba mitengo ina.

Munthu wachilungamo amaganiza kuti: ndinagula thumba pa K80,000, ndiika mtengo wogwirizana ndi K80,000. Koma ndalama zimene mulandire lero ntchito yake ndi kugula thumba la mawa. Ngati la mawa ndi K100,000, matumba 9 afuna K180,000 yoonjezera, ndipo K280,000 imene mumaiyesa phindu yatsala K100,000 musanadzilipire n'komwe. Choncho sabata yachisanu imbani kushopu, funsani mtengo wa anapiye ndi chakudya wa tsiku limenelo, ndipo muwerengerenso sitepe yoyamba ndi mitengo yatsopanoyo. Msika ukakana mtengo umene watuluka, mwadziwiratu kuti ulendo wotsatira uyenera kuchepa kapena kudikira, m'malo modzazindikira muli pakauntala.

Pa chifukwa chomwechi ngongole imapweteka kawiri nthawi imene zinthu zikukwera. K15,000 yobwera pakatha miyezi iwiri siigula zimene ikanagula lero, ndipo miyezi iwiriyo inu mukulipira chiwongoladzanja kugulu pa ndalama imene ili m'mimba mwa munthu wina. Ine ndinaphunzira izi ndi malo ena odyera amene anatenga nkhuku 30 n'kumandiuza sabata ndi sabata kuti abwana sanasaine. Ndalama zinabwera ndithu, zonse, koma zitafika zinagula matumba ochepa kuposa amene nkhukuzo zinadya. Ngati simungakane ngongole, ikhale ndi mtengo wake wokwererapo ndi tsiku lake lolembedwa. Ndipo ndalama zikalowa, gawo la mpamba lisandutseni matumba tsiku lomwelo. Chakudya cha nkhuku sichisungika miyezi yambiri, chimachita nkhungu, koma cha ulendo umodzi chikhoza kudikira pamalo ouma, pamwamba pa matabwa.

Chachisanu ndi chiwiri: funsani kuti anzanu akuganiza chiyani

Aliyense amadziwa kuti pa Khirisimasi nkhuku zimayenda. Vuto ndi lomwelo, aliyense amadziwa. Chapakati pa Novembala anapiye amasowa chifukwa ngakhale amene sanawetepo amamanga kakhola, ndipo pa 24 Disembala msewu wonse umayera ndi mabroila. Ogula achuluka, inde, koma ogulitsa nawo achuluka, ndipo amene zamutsalira pa 2 Januwale amakumana ndi anthu amene ndalama zawo zapita ku fizi ndi feteleza.

Alimi a nandolo a m'chigawo cha kummwera amaidziwa bwino nkhani imeneyi. Mu 2015 ndi 2016 mtengo unali wokoma chifukwa ku India, kumene nandolo wathu wambiri amapita, zokolola zinavuta. Anthu anadzala nandolo paliponse. Mu 2017 India inakolola zambiri n'kuika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo mtengo kuno unagwa mpaka ena anangomusiya m'matumba. Aliyense payekha anaganiza bwino, poyang'ana mtengo wa chaka chatha. Onse pamodzi anakumba dzenje limodzi.

Mtengo umene mukuuona lero ndi wa nkhuku za lero. Zanu zidzagulitsidwa pa mtengo wa masabata 6 akubwera, umene ukupangidwa panopa ndi anthu amene akuima nanu pamzere wa anapiye. Choncho funsani wogulitsa anapiye kuti maoda ali bwanji. Akati mudikire masabata atatu chifukwa anthu achuluka, wakuuzani zambiri za msika wa mtsogolo kuposa wailesi. Za Khirisimasi wetani, koma theka likhale ndi eni ake kale, olembetsa ndi kupereka kachikole. Ndipo yesani ulendo umodzi pa nyengo imene anzanu amapuma, muone.

Pa za katemera sindichedwapo, chifukwa masamu ake ndi achidule. Tiyerekeze kuti popanda katemera ulendo umodzi mwa 10 chitopa chimasesa khola lonse. Ndiye kuti ulendo uliwonse ukunyamula K105,000 ya tsoka limenelo. Katemera ndi mavitamini ndi K40,000. Amene amadumpha katemera kuti asunge ndalama akugula chinthu cha K105,000 pofuna kupewa cha K40,000.

Chachisanu ndi chitatu: zimene mungathe kuchita si zonse zimene muyenera kuchita

Chakudya chikakwera, maganizo oyamba ndi oti ndizisakaniza ndekha: chimanga, soya wokazinga, madeya, usipa wogaya, mchere, laimu. Ena zimawayendera, makamaka amene ali ndi chimanga ndi soya wawo ndipo anaphunzira miyeso kwa alangizi a ziweto. Koma muwerenge moona. Soya wa m'nkhokwe mwanu si waulere, mtengo wake ndi umene vendala akanakupatsani. Kukazinga, kupita kuchigayo ndi kusakaniza ndi masiku amene simuli kwa makasitomala. Ndipo muyeso wolondola si mtengo wa thumba koma ndalama za chakudya pa kilo ya nyama. Thumba lotsika ndi K15,000 limene lichedwetsa nkhuku ndi masabata awiri ndi lodula kuposa la kushopu.

David Ricardo, wazachuma wa ku England, anafotokoza mu 1817, ndi chitsanzo cha nsalu za ku England ndi vinyo wa ku Portugal, kuti ngakhale amene amaposa mnzake pa ntchito zonse ziwiri amapindula akalimbikira imene amaposa kwambiri n'kusiyira mnzake inayo. Pakhomo zimatanthauza izi: ngati inu muli ndi pakamwa pokoma ndipo ma oda a maukwati amabwera chifukwa cha inu, musathere tsiku mukusosola nthenga, ngakhale mumasosola msanga kuposa mnyamata wa ganyu. Mulipireni, inu mukagwire foni.

Chomaliza: dziwani pamene muyenera kusiya, ndi pamene simuyenera

Maboma a Britain ndi France anapitiriza kuthira ndalama mu ndege ya Concorde kwa zaka zambiri zitaoneka kale kuti siidzabweza zimene inadya, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali choti awononga kale zambiri. Ndegeyo inayamba kunyamula anthu mu 1976 n'kuleka mu 2003, ndipo mpaka lero dzina lake limatchulidwa pofotokoza msampha umenewu. Kwathu tinaunena kale mwachidule: madzi akatayika saoleka. K600,000 ya khola inapita. Kaya mupitiriza kaya musiya, siibwerera, choncho isakhale ndi mawu pa chiganizo cha mawa.

Izi zimadula mbali ziwiri, ndipo anthu amalakwitsa mbali zonse. Mbali yoyamba: nkhuku zakula kale, msika wagwa, wogula wabwino koposa akupereka K10,500 pamene inu munawononga K11,000. Kunena kuti "sindingagulitse moluza" ndi kulankhula ndi ndalama zimene zinapita. Funso ndi loti kodi mukadikira mtengo ukwera ndi zoposa K300 patsiku? Ngati palibe chizindikiro, gulitsani, kapena ziphani muziike m'firiji ngati muli nayo ndipo magetsi a kwanuko ndi odalirika, chifukwa nkhuku ya m'firiji siidya finisher.

Mbali yachiwiri: khola lilipo kale, ndipo mukuganiza ngati muike anapiye ena. Apa musawerengere khola, chifukwa likhalapo ngakhale likhale lopanda kanthu. Yerekezani mtengo umene mukuyembekeza ndi zimene zituluke mukaweta zokha: K13,300 ija pa nkhuku, kuonjeza thukuta lanu, limene pa nkhuku 95 ndi pafupifupi K1,050 iliyonse. Mtengo ukaposa K14,350, wetani, ngakhale usafike pa K14,700 imene imalipira zonse ndi khola lomwe, chifukwa kangachepe kotsalako n'koposa khola logona. Ukakhala pansi pa pamenepo, dumphani ulendo umenewo. Kudumpha si kugwa. Tsukani khola, thirani mankhwala, ndalama zigwire ntchito kwina miyezi iwiri, ndipo muuze makasitomala anu tsiku limene mudzakhale nazo kuti asakuiwaleni.

Koma tsiku limene denga layamba kudontha ndipo mukufuna kumanga khola lina, K600,000 ija yasiya kukhala ya kale, yakhala ya mtsogolo, ndipo ilowe m'masamu yonse pa mtengo wa malata wa lero. Tsegulani kope, onani maulendo asanu apitawa. Ngati atatu mwa iwo sanafike pa mtengo wolipira zonse, musagule malata musanayerekeze ndi za mazira, nkhuku za mikolongwe, kapena kubwereketsa malowo kwa wina amene ali ndi msika wa nkhuku 300.